Chaka Chimene Ndinaleka Kunena Kuti Sindikudziwa

Kwathu ku Madzimoyo ndinaleredwa ndi bambo amene anali mphunzitsi wa pulayimale ndi mayi amene ankayambitsa nyimbo pa misonkhano ya amayi a mpingo. M'nyumba mwathu mwana wamkazi sankayankhula chiimirire pamaso pa akulu, ndipo mawu ake sankayenera kumveka kuseri kwa khoma. Bambo anali ndi lamulo limodzi limene ankalibwereza mpaka tinkaliimba tikamatsuka mbale: ngati yankho sukulidziwa, nena kuti sukulidziwa. Ndinakula nalo lamulo limeneli, ndinapita nalo ku koleji ya zaulimi, ndipo ndinali nalobe tsiku limene bungwe lina lothandiza alimi a chimanga ndi mtedza linandilemba ntchito ya ulangizi n'kunditumiza ku Chipangali.

Msonkhano wanga woyamba unachitikira pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi shedi ya kalabu ya alimi. Ndinafika nditavala chitenje ndi nsapato zatchalitchi, ndipo ndinayenda chogwada kupereka moni kwa akuluakulu onse, mmodzimmodzi. Nditamaliza, wapampando wa kalabuyo, bambo wamtali wa imvi za m'mbali, anasuzumira kumbuyo kwanga ngati pali wina amene akubwera.

"Nanga alangizi atsalira kuti, mwanawe?" anandifunsa.

Ndinawauza kuti mlangiziyo ndine. Anati chabwino, koma mpando umene anali atakonzera mlendo anaukhalira yekha, ine n'kukhala pamphasa pamodzi ndi amayi. Nditayamba kuyankhula, akumbuyo sankamva, akutsogolo ankacheza zawo. Bambo wina anandifunsa za mbozi ina imene inkadya chimanga chake kunsonga, ndipo ine ndinayankha monga anandiphunzitsira bambo anga, kuti sindikudziwa bwino, ndikafunsa ku ofesi. Sanaseke mokweza, anangoyang'anana. Pa msonkhano wotsatira panabwera anthu ochepa, ndipo ambiri mwa iwo anali oti angofuna pokhala pamthunzi.

Zinayenda choncho miyezi itatu. Abwana anga a ku Chipata anandiitana n'kundiuza mosapita m'mbali kuti ndinali ndidakali pa miyezi yoyesedwa, ndipo ngati alimi sabwera ku misonkhano yanga ndiye kuti bungwe lilibe chifukwa chondisungira. Ndinatuluka mu ofesimo mtima ukundiwawa. Chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti zimene ndinkaphunzitsa zinali zoona, ndipo mlangizi wa dera loyandikana nalo, mwamuna wa mimba yake ndi mawu ake, ankanena zomwezo anthu n'kumamuombera m'manja.

Loweruka la sabata imeneyo ndinapita kwa azakhali anga ku Mwami. Iwo amagwira ntchito yoyendetsa mapepala a katundu wa mathiraki pachipata cha malire. Ndi mayi wamfupi, wa mawu ofewa, amene kunyumba amakwera pampando akaona chule. Koma tsiku limenelo ndinawaona pantchito, ndipo sindinawazindikire. Ankayenda pakati pa mathiraki atanyamula faelo pachifuwa, osathamanga, osayang'ana pansi. Madalaivala akuluakulu, ena otukwana, ankavula zipewa akamayankhula nawo. Wina atayamba kuwakwezera mawu, iwo anangomuyang'ana osaphethira mpaka mawuwo anatsika okha.

Masana tikudya chinangwa chootcha kuseri kwa kontena imene ankagwiriramo ntchito, ndinawafotokozera mavuto anga. Anaseka mpaka kutsamwa.

"Iwe umalowa pamalo ngati wabwera kudzapempha mchere," anatero. "Mayi amene wamuona pachipata uja si ine. Ndimamuvala m'mawa, madzulo ndimamukoloweka pamsomali. Nawenso upeze wako."

Anandiuza kuti ndigule jombo ndi thalauza, ndizinyamula faelo ngakhale mulibe kanthu, ndizipereka moni waulemu koma chiimirire, ndipo ndikafika pamsonkhano ndiziyamba ndine kuyankhula. Kenako anandiloza ndi chinangwa chimene anali nacho m'manja.

"Ndipo mawu aja a bambo ako, akuti sindikudziwa, uwasiye ku Madzimoyo. Pantchito munthu sanena zimenezo. Yankha kaye, ukafufuze pambuyo."

Jombozo ndinakagula mu shopu ina ya m'tauni mwa Chipata, kwa bambo wina wachisilamu amene anandiuza moona mtima kuti zandikulira. Zazing'ono zinali zitatha, choncho ndinazitenga zomwezo n'kufutsamo nyuzipepala kumapazi. Mawu ndinkayeserera ndili pa njinga yamoto popita kumidzi. Ndinkakalipira mitengo ya m'mbali mwa msewu za katalikirana ka mizere, ndipo amene anandiona masiku amenewo ayenera kuti anaganiza kuti mutu wanga sukuyenda bwino.

Tsiku limene ndinafika pansi pa mango uja nditavala zonsezi, ndinaimika njinga pafupi penipeni ndi anthu, ndinavula chipewa cha njingayo mosafulumira, ndipo ndinapereka moni dzanja lili pachifuwa. Mawondo ankafuna kugwada okha, koma ndinawaletsa. Ndinapita pampando uja, ndinaikapo faelo yanga, n'kunena kuti tiyambe chifukwa nthawi yatha.  Wapampando anandiyang'ana, anayang'ana jombo, kenako anatembenukira kwa anthu.

"Khalani chete, madamu ayankhule," anatero.

Ndisaname, zinagwira ntchito, ndipo ndinazikonda. Anthu anayamba kudzaza pa misonkhano. Munda wachitsanzo umene tinalima chaka chimenecho unabereka bwino, chifukwa tsopano ndikanena kuti mbewu imodzi paphando, inkakhaladi imodzi. Miyezi yoyesedwa inatha, ntchito inakhala yanga. Amuna amene poyamba ankanditchula kuti mwanawe ankatsika panjinga zawo akakumana nane panjira. Funso likabwera limene sindinkalidziwa bwino, madamu uja ndinkamuvala pantchito ankayankha msanga, ndi mawu olimba, ndipo madzulo ine mwiniwake ndinkatsegula mabuku kuti ndione ngati sananame. Kawirikawiri ankakhala atalondola, ndipo akaphonya pang'ono ndinkakonza mwakachetechete pa msonkhano wotsatira, ngati kuti ndikungowonjezera. Pang'ono ndi pang'ono ndinayamba kuiwala kutsegula mabuku aja.

Bambo anga anaona kusinthaku ine ndisanakuone. Nditapita kunyumba tsiku lina, ndinawafotokozera chifukwa chimene mapapaya awo ankayoyoka, ndipo iwo anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anandifunsa ngati zimenezo ndinaziwerenga penapake kapena ndangoziganiza. Ndinakwiya, ndinawauza kuti ulimi ndinaphunzira ndine, iwo anaphunzitsa masamu. Anangopitiriza kusenda nzimbe yawo.

Mu kalabu ija munali mayi wina wamasiye, wachikulire ndithu, amene ankakhala kumapeto kwa mphasa nthawi zonse. Masiku aja ndinkakhala nawo pamphasapo, ndi iwo amene ankandisendezera chitenje chawo kuti ndisadetse changa. Ankalima mtedza wamakolo wa maso akuluakulu, wofiirira, umene mbewu yake analandira kwa mayi awo, ndipo m'mudzi monsemo unali utatsala kwa iwo okha. Ena onse anali atatengera mbewu zatsopano zocha msanga. Mtedza umenewo ndi umene unkawadyetsa pamodzi ndi zidzukulu ziwiri, chifukwa amayi ogulitsa chiponde ndi nsinjiro ku Chipata ankaufuna kwambiri.

Chaka chachiwiri, itatha nyengo yokolola, bungwe lathu linabweretsa matumba osalowa mpweya, aja okhala ndi mapulasitiki awiri m'kati. Anatiphunzitsa tsiku limodzi lokha ku ofesi, ndipo zonse zimene tinamva zinali za chimanga: chikauma bwino, thira, finya mpweya, manga, anankafumbwe amafera momwemo popanda mankhwala. Ndinakaphunzitsa zimenezi pansi pa mango, ndikumanga thumba pamaso pa anthu ngati ndinabadwa ndikumanga. Nditamaliza, amayi amasiye aja anakweza dzanja, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Madamu, nanga nshawa za mbewu? Makoswe anandivuta chaka chatha. Nazonso zingalowe m'menemo?"

Ndikukumbukira bwino kuti m'mutu mwanga munalibe yankho. Za mtedza sanatiuze. Ndinamva mawu a bambo anga akubwera kukhosi, ndipo ndinawameza. Anthu onse anali atandiyang'ana, wapampando ali chire kudikira.

"Zingalowe bwinobwino," ndinatero. "Muziswe kuti zisadye malo, muthire, mumange zolimba. Musatsegule mpaka mvula itagwa."

"Tiswe?" anafunsanso, motsitsa mawu.

"Muswe, amayi. Zosunga ndi makoko n'zachikale."

Ena anaseka, amayiwo anatsitsa dzanja. Madzulo a tsiku limenelo ndinali ndi malipoti oti ndilembe, ndipo buku sindinatsegule.

Pali chinthu chimene aliyense woswa mtedza ndi manja kwathu kuno amachidziwa, ndipo nanenso ndinkachidziwa chifukwa ndinachichitapo ndili mwana. Makoko ouma amalasa zala, choncho amayi amawaza madzi pa mtedzawo n'kuuphimba kanthawi kuti makoko afewe, kenako n'kuyamba kuswa. Mtedza woti ukazingidwa kapena kugulitsidwa mawa lake suvutika nazo kwenikweni. Koma mtedza wonyowetsedwa, wochotsedwa m'makoko ake, n'kutsekeredwa m'pulasitiki miyezi yonse ya chilimwe, ndi nkhani ina. Ndikanangofunsa kuti muswa bwanji, kapena kunena kuti muyanikenso masiku angapo, mwina zinthu zikanayenda mwina. Patapita masabata awiri ndinayendera nyumba za alimi kukaona matumba. Kwa amayi aja ndinapeza thumba litaima pakona, lomangidwa bwino. Ndinaligogoda ndi jombo, ndinawayamikira, ndinachonga mu faelo, n'kupita.

Mvula yoyamba itagwa, wapampando anandiimbira foni kuti ndipite. Sananene chifukwa. Ndinapeza anthu angapo ataima pakhomo pa amayi aja, thumba lili panja, lotsegula. Fungo linandipeza ndisanatsike panjinga. Mtedza unali utagwirana m'mibulu, utachita chuku chobiriwira ndi chakuda, ndipo ndikaufinya unkangonyenyeka. Umenewo sukanamera, sukanadyedwa, ngakhale nkhuku sizikanayenera kupatsidwa. Kuseri kwa nyumba munda unali utakonzedwa kale, mizere itaunjikidwa mpaka kumalire, ikungodikira mbewu.

Wapampando anayamba kundikonzera njira yothawira. Anauza anthu kuti agogowa ayenera kuti sanamange bwino, kapena anathira zosauma, chifukwa matumba a chimanga onse m'mudzimo anali bwinobwino. Anthu anavomereza ndi mitu. Amayiwo anali atakhala pakhonde, manja ali pamiyendo, osadziteteza. Zinali zosavuta kungokhala chete, ndipo madamu uja ankadziwa kale mawu oti anene, akuti tiphunzirepo kanthu pamenepa, chaka chamawa tiziumitsa mokwanira. Ndinachita mantha, chifukwa ndinkadziwa mmene ulemu umenewu ndinaupezera movutikira, ndipo ndinkakumbukira kukhala pamphasa anthu akucheza zawo.

"Sanalakwitse ndi amayiwa," ndinatero. Mawu amene anatuluka anali aang'ono, aja a ku Madzimoyo, moti wina kumbuyo anati sakumva. Ndinabwereza mokweza. "Ndinawauza ndine kuti aswe, atsekere. Za nshawa m'matumba amenewa sindinkazidziwa. Ndinayankha ndisakudziwa."

Palibe anaombera m'manja, ndipo palibe anandinyoza. Wapampando anakanda kumutu, anati chabwino, zimachitika, ndipo anthu anayamba kubalalika mmodzimmodzi chifukwa aliyense anali ndi munda womudikira. Bambo uja wa mbozi anandiyang'ana podutsa monga anandiyang'anira tsiku loyamba lija. Ndinatsala ndi amayiwo. Ndinawauza kuti ndikapempha ku ofesi mbewu yatsopano yokwanira munda wonse, ndipo ndinaipezadi sabata yomweyo. Koma tonse awiri tinkadziwa kuti imeneyo si mbewu ya mayi awo.

Kenako anadzuka n'kundikodola kuti ndiwatsate kukhitchini. M'katimo munali mdima ndi fungo la utsi. Anakwera pa mtondo wovundikira, anapisa dzanja kudenga kuseri kwa mtanda, n'kutsitsa kathumba ka chiguduli kakuda ndi mwaye. Atakamasula, munali mtedza wosaswa, wouma gwa, wolira ukaugwedeza. Unali wochepa, wosadzaza ndowa yaing'ono.

"Izi ndinabisa," anatero. "Tsiku lija munabwera kudzaona thumba, mtima unali m'mwamba kuti mulowa muno."

Ndinawafunsa kuti ankabisiranji mtedza wawo womwe, m'nyumba yawo yomwe.

"Munati n'zachikale, anthu anaseka. Ndinaopa kuti mukaziona mudzandikalipira pagulu, kapena kundichotsa mu kalabu."

"Ndiye kuti munkadziwa kuti zoswa ziwonongeka?"

"Ndinkakayika. Nshawa za mbewu mayi anga sankaswa mpaka tsiku lobzala, ndipo zonyowetsa sitivundikira. Koma ndinati mwina matumba asukuluwa ali ndi nzeru zina. Munayankhula ngati munthu wodziwa." Anamanganso kathumbako pang'onopang'ono. "Kale muja mukukhala nafe pamphasa ndikanakuuzani. Manje simufunsa, madamu, mumangotiuza."

Sananene mokwiya, ndipo n'chifukwa chake zinandipweteka kwambiri. Ndinaganiza za nyumba zonse zimene ndinayendera zaka ziwiri zimenezo, ndikugogoda matumba ndi jombo, anthu akuvomera zonse. Sindikudziwa kuti ndi zinthu zingati zimene zinkakwezedwa kudenga akamva njinga yanga ikubwera. Ndinkayesa kuti anthu akundilemekeza, ndipo ena ankandilemekezadi, koma amayi awa, amene anandisendezera chitenje pamene ndinalibe aliyense, ankandiopa.

Sindinganene kuti azakhali anga anandinamiza. Popanda jombo zija ntchito ikanandithera m'miyezi itatu, ndipo zabwino zimene ndinaphunzitsa sizikanamveka. Mpaka lero ndimazivala, ndimapereka moni chiimirire, ndipo mwamuna akayamba kundiyankhula ngati mwana wake ndimamuyang'ana osaphethira mpaka atasiya. Kungoti azakhali ankayendetsa mapepala, ndipo pepala likalakwika amalibweza pawindo tsiku lomwelo. Ine yankho langa linakakhala m'thumba miyezi isanu popanda wolitsutsa. Iwonso madzulo ankamukolowekadi pamsomali mayi wawo uja, pamene ine wanga ndinkagona naye, mpaka ndinakamuyankhulitsa kwa bambo anga.

Tsiku lomwelo limene anandionetsa kathumba kaja, amayiwo anati mvula siidikira munthu, mtedza wotsalawo uswedwe kuti ubzalidwe mawa. Anayala mphasa pakhonde n'kukhuthulira pa lichero. Ndinaika faelo pansi, ndinavula jombo chifukwa sizikhalika nazo pamphasa, nyuzipepala zija n'kugwera poyera. Amayiwo anaziona. Tinayamba kuswa. Zala zanga zinali zitaiwala ntchitoyi, ndipo posakhalitsa chala chachikulu chinayamba kutuluka magazi pang'ono m'mbali mwa chikhadabo. Amayiwo anatenga kapu ya madzi, anaigwira m'mwamba pa lichero, kenako anaima n'kundiyang'ana.

"Tiwaze, madamu?"

"Sindikudziwa, amayi. Inu mumatani?"

Anandiyang'anitsitsa nthawi yaitali, kufuna kuona ngati ndikufunsadi kapena ndikuwayesa. Kenako anati zobzala mawa amawaza pang'ono chabe, ndi nsonga za zala, ndipo amataya zonse zimene khungu lake lasupuka poswa chifukwa zimenezo zimaola m'nthaka. Anandionetsa mmene amagwirira khoko kuti diso la mtedza lisavulale. Ndinachita monga ananenera.

M'mawa mwake ndinabwerera kukawathandiza kubzala. Tinayambira kumtunda, iwo akuboola mapando, ine ndikuponya ndi kukwirira. Mbewu ya mayi awo inathera pa mzere wachisanu ndi chimodzi. Amayiwo anagwedeza kathumba kaja, anapisamo dzanja kufufuza m'makona, anapeza diso limodzi, n'kulibzala. Kenako anaimirira atagwira m'chiuno, akuyang'ana mizere yonse yotsala mpaka kumalire, ndipo anandifunsa kuti mbewu ya ku ofesi ija ibwera liti.